Alonda ogona m'mimba mwa apongozi

Izi sindinauzepo aliyense wa kumudzi kuno, ngakhale bambo a mwana wangayu. Mankhwala amene apongozi anga aamuna amakalandira ku Lilongwe si amene iwo akuganiza, ndipo amene anawasokoneza ndine.

Atawapeza ndi khansa ya m'matumbo, banja linasankha ine kuti ndizitsatira zonena za achipatala, poti ndili ndi satifiketi ya ku koleji. Ndi ya zosoka, koma kwathu ku Kapondo pepala ndi pepala. Vuto linali loti mtengwa sangafunse apongozi ake za kuchimbudzi. Ndiye ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumauza khanda langa, mokweza ndithu, kuti lifunse agogo ake ngati m'mimba mwayenda. Iwo ali pakhonde ankayankha kuti, "Iwe, uwauze amako kuti mwayenda, koma monyinyirika." Mwana ali phee, akuyamwa chibakera.

Diripi ya mankhwala a khansa itayamba kuwasanzitsa, anauza mwanayo kuti kuchipatala sabwererakonso. Ine nkhawa, mpaka mkaka unachepa. Pofufuza pafoni ndinawerenga za mankhwala ena amene akuyesedwa kunja. Akuti m'thupi muli majini, tinthu timene timatengera kwa makolo, oletsa zotupa, khansa imangowatseka osawawononga, ndiye mankhwalawo amawatsegulanso. Ndinafotokozera khanda kuti zili ngati alonda amene agona pantchito, wina n'kubwera kudzawadzutsa.

Ndinaiwala kuti apongozi anali mlonda pa esiteti ya fodya mpaka kupuma, ndipo munthu wogona pantchito amadana naye kuposa mbava. Ndinangomva mpando ukugwa pakhonde, iwo atadzambatuka.

"Ndiye m'mimba mwanga muno anthu akugona? Uwauze amako kuti Lachiwiri tikukwera minibasi."

Mawu oti "kunja" ndi "akuyesedwa" aja, khanda silinawafikitse.

Tsopano saphonya. Anesi akamalowetsa singano, iwo amadzisisita pamimba n'kumauza anyamata ogona m'mimbamo kuti adzuke, bwana wafika. Nditawanong'oneza adokotala, anati mankhwala a pafoniwo iwo alibe, awa ndi ena, koma apongozi akuyenera kuwamaliza. Anatinso wodwala sabisidwa zoona.

Ndayesapo kuwauza apongozi zoonazo. Koma mwana wayamba kukwawa, ndikangotsegula pakamwa amandithawira kwa agogo ake komweko, ndipo pandekha sindingathe. Komanso ndikuopa kuti akadziwa asiya diripi. Inu mukuona bwanji, ndachita bwino kukhala chete mpaka amalize?