Mafuta Onunkhira ndi Apongozi a ku Biriwiri

Mwa amuna onse amene anapalasapo njinga pakati pa Lizulu ndi Biriwiri m'masiku a atsamunda, palibe anatukula malonda a dziko la Nyasalande kuposa ine. Ndikunena izi modzichepetsa. Mboni zanga ndi agalu a m'midzi imeneyo, amene anandidziwa bwino kuyambira kuchidendene mpaka m'katumba.

Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa chosowa pogwira. Ndinali nditachoka ku sukulu ya uphunzitsi ya amishoni titasiyana maganizo ndi Mzungu wa masamu. Iye ankafuna yankho limodzi pa funso lililonse, pomwe ine ndinali nawo ambiri. Bambo atandiona ndikufika ndi sutikesi anangoti khasu lili kuseri kwa nkhokwe. Koma munthu wodziwa kumanga tayi sayenera kufa ndi matuza, choncho ndinapita kwa Che Amidu, mwini sitolo pa Lizulu, amene ankafuna munthu woyendetsa katundu khomo ndi khomo.

Anandipatsa njinga yakuda, pampu, ndi bokosi la matabwa lomangirira pa kaliyala ndi mphira. M'bokosimo munali sopo, singano, ulusi, zipeso, timagalasi, ndi mafuta odzola onunkhira a m'tizitini. Kachitini kamodzi kanali kotsegula, kolawitsa anthu.

"Malamulo ndi awiri," anatero Che Amidu. "Khomo likakukana, ubwerereko sabata yamawa. Ndipo mafutawa usamawalalikire ngati uli m'tchalitchi mwanu. Umpake munthu pang'ono padzanja, iwe utseke pakamwa. Imagula ndi mphuno. Njingayo ikasowa, usabwere kuno, upite wekha ku Boma ukadzimangitse."

Chimene sanandiuze n'chakuti iye ankapaka anthu mafuta m'sitolo, amuna awo ataima pomwepo. Kumidzi amuna kunalibe. Anali ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Halale. Otsala anali akazi awo, apongozi, ndi agalu aja.

Masabata oyamba ndinagulitsa singano. Imodzi. Ena ankati ndine kazitape wa msonkho, ena ankanditsekera chitseko ndisanati odi. Mayi wina anandithira madzi otsukira mbale, n'kupepesa kuti anandiyesa chitsa. Ndinkabwererabe, poti lamulo linali lamulo, ndipo kwathu khasu linkandidikira.

Tsiku lina m'mudzi wina wa kumapiri a Biriwiri, mayi wachitsikana, Nangozo, anandiimitsa kuti akufuna ulusi wakuda. Ndinaona mwayi. Ndinamugwira dzanja n'kumupaka mafuta aja, ine duu, monga anandiphunzitsira. Iye ananunkhiza, anaseka, anapukutira pansalu yake, n'kugula ulusi wokhawo. Ndinachoka ndikudziona ngati mwini sitolo.

Sabata yotsatira ndinabwererako. Ndisanatsike n'komwe, chimwamuna china chovala majombo a kumgodi chinagwira mahandulo. Anali Yohane, mlamu wake wa Nangozo, wobwera kumene kuchokera ku Joni.

"Tsikani, a Koleji. Takudikirani."

Anandikokera pafupi ndi khola la ng'ombe. Amayi a m'mudzimo anali atakhala mozungulira. Pakati panali Nangozo, maso ali psuu, katundu wake atamangidwa kale mumtolo. Mayi wokalamba, Anajere, apongozi ake, anaimirira n'kundinunkhiza malaya ngati akugula nsomba.

"Ndi lomwelo," anatero. "Fungo lili pansalu ya mkamwana wangali ndi lomwelo. Iwe galu wa tayi, mwana wanga Filipo ali pansi pa nthaka ku Joni, mwala uli pamutu pake. Mkazi akayenda njira kuno, mwalawo umagwa uko. Ukufuna kundiphera mwana?"

Pamenepo m'pomwe ndinamva kuti sabata yonseyo apongoziwo anali atamuletsa Nangozo kuthira mchere m'ndiwo, ndipo tsiku limenelo ankamubweza kwawo.

Ndinayesa kudziteteza m'Chingerezi, chilankhulo chimene chinandithandizapo kawirikawiri kubisa kuti ndilibe chonena. Yohane anandiyankha pozula vavu ya tayala lakumbuyo. Mpweya unatuluka, ndi Chingerezi changa chomwe.

"Njinga ikhala pano ngati chindapusa," anatero. "Alamu anyamuka lero."

"Mayi, ndakuuzani kuti ndinangogula ulusi!" analira Nangozo. "Munthuyu ngakhale dzina lake sindikulidziwa. Taonani miyendoyo, ngati ya kakowa. Ine ndingasiye a Filipo chifukwa cha chimenechi?"

Amayi ena anayang'ana miyendo yanga n'kugwedeza mitu kuti mfundoyo ndi yomveka. Pa mabala onse amene ndinalandira pa ntchito imeneyo, ili ndi limene silinapole.

Nzeru zakusukulu zitatha, ndinakumbukira za Che Amidu. Ndinamasula mphira, ndinatulutsa kachitini kolawitsa, ndinagwada, n'kukaika pansi patsogolo pa Anajere. Kenako ndinabweza manja kumbuyo n'kutseka pakamwa.

Anakayang'ana ngati njoka. Anapisamo chala, ananunkhiza, anapaka pamkono wawo wotuwa, n'kuyang'ana mmene pakuwalira.

"Ndiye zimenezi?"

Achemwali awo analanda kachitiniko. Kanadutsa kwa wina, kenako kwa wina, aliyense akutukwana fungolo uku akudzola mpaka m'khosi. Yohane anati akufuna aone ufiti wake uli pati, ndipo anauona pokanda mafuta otsalawo ndi chikhadabo n'kupaka m'ndevu. Kachitini kanabwerera kwa ine kali mbee.

Ndikanangokhala chete. Koma munthu wophunzira amavutika.

"Mayi," ndinatero, "ngati fungo ndi umboni, ndiye kuti mudzi wonse uno wayenda nane, kuphatikizapo a Yohane."

Khofi limene ndinalandira kwa Yohane linamveka mpaka kwa Apwitikizi. Koma Anajere anali atadzinunkhiza kale pamkono, ndipo anayang'ana mkamwana wawo nthawi yaitali.

"Nangozo, masula mtolowo. Kathire mchere m'ndiwo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe tenga chitsulo chakocho uzipita. Ukadzagwiranso dzanja la mkazi wa mwini, lako tidzapatsa agalu."

Vavu sanandibwezere. Ndinakankha njinga chitunda chonse mpaka pa Lizulu, tsaya likuyaka. Che Amidu anamvetsera nkhani yonse osaphethira.

"Wagulitsa zingati?"

"Palibe."

"Sabata yamawa ubwerereko."

Ndinabwererako. Anajere ananditukwana kuyambira pa tayi mpaka pa agogo anga, kenako anagula tizitini tiwiri, ati mafutawo akuthandiza ming'alu ya kumapazi.

Kuyambira pamenepo mudzi uliwonse ndinkayambira kwa apongozi. Kachitini pansi, manja kumbuyo, maso kunkhokwe. Apongozi akadzola, akamwana ankagula mosaopa. Ndinayenda choncho zaka zambiri, ndipo palibe mudzi unandikondapo. Ankagula uku akutukwana, ine ndinkalandira zonse ziwiri. Filipo anabwera ndi miyendo yake yonse, koma mpaka lero sanabwere kudzandithokoza.

Ukwati wa Nangozo unapulumuka, mwala wa ku Joni sunagwe, malonda a Nyasalande anapita patsogolo. Kutha kwa mwezi wa mlandu uja Che Amidu anandidula mtengo wa kachitini ndi vavu: sheleni imodzi ndi tiki.