Che Yusufu ndi nyenyezi ya Suhail

Che Yusufu Mdoka anabadwira ku Ntaja, m'boma la Machinga. Ali mwana ankadzuka ndi nthanda kukasesa mu mzikiti, ndipo khalidweli anakalamba nalo. Anasoka zovala pakhonde la sitolo ku Liwonde mpaka kaunjika atawalanda makasitomala. Kuno ku Doha anafika imvi zili mbuu, atasiya akazi awo, a Shakira, akulera adzukulu.

Ntchito ya Che Yusufu m'dera la Al Murra inali yosamalira nkhalamba ina yakhungu imene onse ankangoitcha Baba: kuisambitsa, kuidyetsa, kuikankha pa njinga yake. Baba anakulira m'chipululu. Ikatha swala, pemphero la m'bandakucha, ankaphunzitsa Che Yusufu mayina a nyenyezi, Thuraya, Mirzam, koma makamaka Suhail, imene ikaoneka kummwera Aluya amati kutentha kwayamba kutha ndipo thupi lipezako mpumulo.

Mu 2020 tonse Amalawi okhala kuno tinali titatopa. Korona anatitsekera m'nyumba, kunja dzuwa likuswa mtengo. Malamulo anali atasintha, wantchito sankafunikanso kugwadira bwana kuti atuluke m'dziko. Che Yusufu, msana utawakana, anapeza mpando mu imodzi mwa ndege zochepa zimene zinkauluka. Baba sanawaletse. Anangowapempha kuti adikire Suhail ituluke, amuuze, ndiyeno azipita, poti mwa ana ake panalibe wodzuka mamawa. Iwo anavomera.

Masiku amenewo fumbi linakuta kumwamba. Pa kalendala nyenyeziyo inali itatuluka kale, koma maso sankaiona, ndipo tsiku la ulendo linkayandikira. Mnzawo Everson anawaimbira foni.

"Khalas, basi, achimwene, ingonenani kuti yatuluka. Munthu wosaona akutsutsani bwanji? Flight ikusiyanitu."

"Iyeyo saona, koma Allah amaona," anayankha Che Yusufu. "Ndinene bwanji chinthu choti sindinachione?"

Ndege inapita. A Shakira analira pafoni, ndipo ambirife tinawanena kuti ndi ouma mutu. Iwo anapitiriza kukwera padenga m'mawa uliwonse, n'kutsika kukauza Baba kuti sinaoneke. Posakhalitsa anayamba kutsokomola, ndipo anagonekedwa m'chipatala.

Namwino wina wa ku Chipata, amene ankawasamalira, ndiye anatiuza zotsiriza. Akuti tsiku lina kusanache Che Yusufu anapempha kuti awatembenuzire kuwindo. Anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anachotsa chopumira kukamwa n'kunena kuti, "Sister, muimbire ku Al Murra. Muwauze Baba kuti yatuluka, ndaiona ndekha. Tsopano ndikhoza kupita." Anatchula shahada, mawu ochitira umboni chikhulupiriro cha Chisilamu, nagona ngati munthu wochokera kumunda.

Tinawaika kuno komwe, anthu ochepa, titavala zotseka pakamwa. Mpaka lero zimatipweteka kuti a Shakira sanawaonenso. Koma tikamadandaula kuti moyo wakuno umakakamiza munthu kunama, tizikumbukira kuti mmodzi wa ife anasiyidwa ndi ndege chifukwa chokana kunamiza wakhungu. Allah awalandire ku Jannah, ku paradizo.