Chisanu Chimene Ananditseka Pakamwa ndi Vitumbuwa

Fungo la mafuta okazingira vitumbuwa likakumana ndi utsi wa mbaula m'mawa wozizira, ine ndimapezeka ndili ku Kalingalinga, komboni yathu ya mu Lusaka, nditavala kabudula wong'ambika kumbuyo. Sindichita kufuna ayi. Mphuno ya nkhalamba ili ngati galu wakale, imadziwa njira yakwawo ngakhale mwini wake ataiwala.

Nyumba yathu inali ya zidina zosawotcha, malata ake opanikiza ndi miyala kuti mphepo isawabe. Atate anali kalipentala. Benchi yawo inali pansi pa mtengo wa mabulosi, ndipo pabwalo ponse pankakhala utuchi wofiira wa matabwa a mukwa umene unkalowa m'tsitsi, m'makutu, ngakhale m'tiyi. Nyengo yozizira ikafika, fumbi linkayenda m'tinjira ta m'komboni ngati lili ndi kumene likupita. Milomo inkang'ambika, zidendene zinkayera, ndipo amayi ankatipaka mafuta mpaka nkhope kunyezimira ngati poto watsopano.

Dzina langa la ubatizo ndine Yotamu, koma palibe ankalidziwa. Onse ankanditchula kuti Wailesi. Mawailesi enieni anali ochepa ndipo ankadya mabatire, koma ine ndinali waulere. Nkhuku ikabedwa kumtunda, dzuwa lisanafike pamutu a kumunsi anali atamva kale mtundu wa nthenga zake. Adzukulu anga amaganiza kuti nkhani zinayamba kuthamanga foni itabwera. Bodza limenelo. Ndinayamba ndine.

Chisanu chimenecho amayi anali oyembekezera, miyezi itapita ndithu. Pambuyo panga panali patabwera ana awiri amene sanalire, ndiye m'nyumba mwathu mimba sinali nkhani yoseka. Anamwino a ku kiliniki anauza atate kuti magazi a amayi akuthamanga kwambiri, asawadzidzimutse ndi kanthu kalikonse mpaka atachira. Agogo, amayi awo a amayi, anali atalonjeza kuti akamaliza kukolola ku Katete adzakwera basi kudzawathandiza. Amayi anawagulira chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, nachipinda bwino m'sutikesi pansi pa bedi. Ine agogowo ndinkawakumbukira ndi khutu lakumanzere, limene ankakonda kulipotokola.

M'malo mwa agogo kunabwera a Tembo, munthu wa kumudzi kwathu, atasenza thumba la mtedza. Masiku amenewo uthenga wa maliro unali ndi miyendo, komanso unali ndi mwambo. Sunkalowa pakhomo pa munthu uli chithamangire. A Tembo anakhala pampando, anamwa madzi, anayankha moni wa munthu aliyense wa kumudzi mmodzimmodzi, mpaka ng'ombe. Amayi atafunsa za agogo, iwo anati ali ndi kachifuwa chabe, abwera chimanga chikalowa m'nkhokwe. Anadya, anasamba m'manja, kenako anapempha atate kuti akawaonetse mipando imene akukhoma.

Ine nthawi imeneyo ndinali pansi pa benchi, m'kati mwa utuchi, ndikudya mtedza umene ndinatapa m'thumba la alendo. Ndinangoona nsapato zinayi zitaima pafupi ndi mphuno yanga.

"A Phiri, apongozi anu anatisiya," anatero a Tembo motsitsa mawu. "Tinaika kale."

Ndinamva atate akuika nyundo pabenchi pang'onopang'ono, ngati ndi dzira. Kenako anati, "Mkazi wanga asamve mpaka mwana atabadwa."

Pomwepo mtedza unalowera njira yolakwika, ine n'kutsokomola. Atate anawerama, nandiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira njoka imene waipeza m'nsapato. "Mwa anthu onse a mu Lusaka muno," anatero, "Mulungu wasankha iwe."

Nkhani ngati imeneyi mwamuna sangaisunge yekha, ndiye atate anapita nayo kwa Bana Mwape, mayi wa Chibemba wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankagulitsa vitumbuwa m'mbali mwa msewu. Iwo ndi amayi sankamwerana madzi. Ankakangana za madzi otsukira mbale amene ankachoka kwa Bana Mwape kudzadikha pakhomo pathu, ankakangananso za mzere wa kupompi, kumene aliyense ankati ndowa yake ndiyo inafika poyamba. Koma atamva, anangopukuta manja pachitenje n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Pofika madzulo azimayi onse a mzere wathu anali atadziwa. Nkhani inazungulira nyumba yathu ngati madzi akazungulira mwala, osalowa.

Vuto linatsala linali ine. Bana Mwape anandiitanira kuseri kwa chimbudzi, dzanja lina atagwira tsabola wofiira, lina chitumbuwa chotentha.

"Iwe Wailesi, wamvela? Ukakamba chabe kuli bamai bako, nizakuika mpilipili mukamwa, na m'maso futi. Ukankala zii, chitumbuwa. Sankha, mwaiche."

Sukulu sindinapite nayo patali, koma funso limenelo ndinakhoza.

Ndisaname, masabata oyamba anali okoma. Ndinatulukira msanga kuti pakamwa panga pali ndi mphamvu kuposa mmene ndinkadziwira. Ndikaona Bana Mwape akudutsa, ndinkaima pafupi ndi amayi, kukoka mpweya, kutsegula pakamwa pang'ono ngati munthu amene wakumbukira kanthu. Chitumbuwa chinkafika chisanapole. Azimayi ena anatengera, uyu mbatata yowotcha, uyu nzimbe. Anzanga ankaonda ndi chisanu, ine masaya akutuluka.

Kupompi nako kunasintha. Amayi akafika ndi ndowa, mzere unkatseguka wokha. "Bamake Yotamu, tapani imwe poyamba, ise tilibe changu," ankatero Bana Mwape, yemwe uja amene mwezi wapitawo anawakankhira ndowa m'matope. Madzi otsukira mbale anapeza njira ina. Azimayi a kutchalitchi anayamba kubwera masana, aliyense akuti amangodutsa, ngakhale nyumba yathu inali kumapeto kwa kanjira kosapita kulikonse. Ankakhala pamphasa, kuimba nyimbo, koma nyimbo zake zinkatsetsereka zokha kupita ku zija zoimba pamaliro, mpaka wina kutsokomola kuti asinthe. Tsiku lina gogo wina analephera kudzigwira, misozi inangoti mbwee. Anati ndi utsi wa mbaula. Mbaulayo inali isanayatsidwe.

Amayi ankakhala pakhomo kuwothera dzuwa la masana, mapazi otupa atawatambasula, maso ali cha kumsewu waukulu wochokera kum'mawa. Akafunsa kuti agogo achedwa bwanji, atate ankayankha maso ali pathabwa. Lero chimanga sichinaume, mawa mabasi akudzaza, mkucha kachifuwa kaja kabwereranso. Atate anali munthu wosadziwa kunama, bodza lawo linkaonetsa zokhomera ngati mpando wa wophunzira ntchito. Koma amayi ankangogwedeza mutu.

Masana ena anandiitana kuti ndiwathandize kusenda mtedza wa a Tembo uja. Tinakhala awiriwiri, lichero pakati. Kunkangomveka makoko akusweka ndi macheka a atate kuseri. Amayi anatola mtedza umodzi wakuda, wofumbwa, nauyang'ana nthawi yaitali.

"Mtedza uwu ndi wa m'munda wa amayi," anatero. "Koma amayi satumiza mtedza wosasankha."

Ine ndinangoyang'ana m'lichero.

"Nanga Wailesi yatani masiku ano? Yatha mabatire?"

Mawu anafika mpaka kuseri kwa mano, ndinawamva akugogoda. Panalibe Bana Mwape pafupi, panalibe tsabola. Koma ndinaona mimba ya amayi ikugwedezeka pansi pa chitenje, kachigongono kapena kachidendene kakudutsa mkati ngati mbewa pansi pa thumba. Ndinati dzino likundiwawa. Amayi anandiyang'ana, kenako anandichotsa utuchi m'tsitsi, osafunsanso. Madzulo amenewo chitumbuwa ndinapatsa galu.

Mwana anabadwa mphepo ya fumbi itayamba, m'mawa. Anali wamkazi, ndipo analira mokweza moti atate anasiya thabwa litapanidwa n'kukakhala pansi m'utuchi. Komabe anthu anadikira. Anadikira mchombo ugwe, amayi apeze mphamvu, mwana atulutsidwe panja. Kenako anatumiza munthu kukaitana a Tembo ku komboni ya Mtendere kumene ankakhala kwa achibale, azimayi anayala mphasa pabwalo, ndipo mayi wamkulu wa kutchalitchi anayamba kulankhula mozungulira, za udzu umene umafota, za ulendo umene tonse tidzayenda.

Amayi sanamudikire kuti amalize. Analowa m'nyumba, natuluka mwana ali kumsana, atamubereka ndi chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. M'mphepete mwake munali mutapindidwa kale ndi kusokedwa pamanja, ulusi wake utayamba n'kuda komwe. Sinali ntchito ya dzulo.

"Dzina lake ndi Esinati," anatero. Limenelo linali dzina la agogo.

Anamasula mwanayo, nampereka kwa Bana Mwape, anavula duku, anakhala pansi, ndipo analira. Mzere wathu wonse unalira nawo zimene unasunga chisanu chonse. Bana Mwape, amene malemuwo sanawaonepo ndi diso, ndiwo ankamveka mpaka kumsika. Vitumbuwa vyanga vinathera pomwepo, ndipo sabata yotsatira madzi otsukira mbale anabwerera pakhomo pathu.

Ndinadzawafunsa amayi ndili kale ndi ndevu, kuti anadziwa liti. Anaseka. Anati munthu amene adani ake ayamba kumupatsa malo kupompi, ndipo mwana wake wolongolola wangoti zii n'kumanenepa, safunika kalata. Ndinati nanga osafunsa bwanji mwachindunji?

"Ndikanafunsa mukanandiuza," anatero. "Ndiye ndikanalira. Ndinalibe malo olirira, m'mimba munali munthu."

Esinati uja anatisiya chaka chatha, ali gogo nayenso. Anamwalira m'chipatala cha m'ma teni koloko, ife akuluakulu tili pakhonde tikufunsana kuti ndani akauze mwana wake Tamara, amene anali ndi mimba yaikulu. Sitinamalize n'kufunsana komwe. Mdzukulu wanga Chisomo, mnyamata wabwino woimba kwaya, anali ataika kale chithunzi cha malemu pagulu la banja la pafoni, pambali pake kandulo ndi tinkhope tolira. Tamara anali m'minibasi akuchokera m'tauni. Foni inalira m'chikwama, iye n'kutsegula ngati mmene amatsegulira zina zonse, moni wa m'mawa, mitengo ya nsapato, mavesi. Ataona chithunzicho, anamugwira ndi anthu osawadziwa. Mwana anabwera masiku asanakwane, wamng'ono ngati mbatata, koma ali moyo, pano akukwawa n'kumadya dothi.

Chisomo sindinamukalipire. Ndikanayambira pati, ine Wailesi? Anangoti, "Agogo, nenze kufuna chabe kuti bantu bazibe." Ndipo anthu anadziwadi. A ku Katete anakwera basi tsiku lomwelo, anafika thupi lisanaikidwe, amene analephera anaonera manda pafoni ali kwawo. Amayi anga sanaponye dothi pamanda a amayi awo, anakaona chulu udzu utamera kale. Ndiye foni sindiitukwana ayi. Ndili nayo inenso, imalira pakati pa ulaliki, adzukulu n'kumabisa nkhope.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chinsinsi chija ndinachisenza ndine, ndipo vitumbuwa anali malipiro a ntchito yolemetsa. Pano ndimaona kuti anachisenza ndi amayi, pamodzi ndi mwana, ndipo ife tonse, atate ndi mabodza awo okhota, Bana Mwape ndi tsabola wawo, tinkangowasungira tsiku kuti alisankhe okha. Nthawi zina masana ndimaitenga foni yanga, kuitembenuza uku ndi uku. Pali kabowo kolowetsera moto, pali timabowo totulutsira mawu. Poika chitumbuwa ndiye sindinapapeze.