Ndinkayesa masheya ali ndi nyengo ngati usipa

Inu owerenga, chidwi changa chinandilakwitsa, ndipo amene akuvutika nazo ndi amuna anga.

Ndimagulitsa usipa wouma pamsika wa Nkhata Bay. Pa geni yathuyi chilichonse chili ndi nyengo yake. Mwezi ukawala usipa umasowa, mtengo n'kukwera. Mwera ukawomba, chimodzimodzi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi sindiphonya.

Tsiku lina alamu anga, omwe amagwira ntchito kubanki ku Mzuzu, anandifotokozera za masheya: umagula kagawo ka kampani, mtengo ukakwera n'kugulitsa. Ine funso linali limodzi basi. Kodi zimenezinso zili ndi nyengo? Ndinawapempha kuti azinditumizira mitengo ya kampani ina pafoni, ine n'kumalemba pa kalendala ya kutchalitchi. Zinkandisangalatsa zedi.

Patatha zaka ziwiri ndinaona kanthu. Mu Januwale mtengo unkatsika, msika wa fodya ukatsegulidwa n'kukwera. Chifukwa chake ndinachipeka ndekha: mu Januwale anthu amagulitsa masheya kuti apeze fizi ndi feteleza, fodya akagulidwa amawagulanso. Ndinadziona katswiri, mayi wa usipa ine!

Nthawi imeneyo injini ya boti la amuna anga inali itatheratu, ndipo iwo anali atasunga ndalama zogulira ina. Ndinawanyengerera kuti tigule masheya mu Januwale, tidzagulitse mu Meyi, injini idzabwere pamodzi ndi ukonde watsopano. Alamu anachenjeza kuti zaka ziwiri n'zochepa, ine osamva. Amuna anga anangofunsa kuti, "Ama, usipa umamvera mwezi. Nanga mapepala anuwa amamvera ndani?" Ndinawaseka, ndipo anandipatsa ndalamazo.

Meyi anakwana, fodya anagulidwa, mtengo osakwera. Kampaniyo sinapindule bwino chaka chimenecho, nkhani yosakhudzana ndi kalendala ngakhale pang'ono. Nditati tingogulitsa, ndinaphunzira chinanso. Usipa ukautsitsa mtengo umatha tsiku lomwelo, koma masheya athu anakhala masabata angapo osapeza wogula. Tinagulitsa moluza, pamene injini inali itakwera kale mtengo m'sitolo.

Mpaka pano ndimadzifunsa ngati nyengoyo ilipodi, kapena maso anga anangoona zimene ankafuna. Mwina ilipo, koma si yoti munthu aikirepo chakudya cha ana.

Inu owerenga, masheya si oipa, ndipo kufunsa mafunso si tchimo. Koma chinthu chikachitika kawiri musathamangire kunena kuti ndi lamulo. Mukafuna kuyesa nzeru zanu, yeserani ndalama imene ikatayika simulira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Boti lathu lili pamchenga ku Chikale, ana amaseweramo. Amuna anga tsopano amakoka ukonde m'boti la munthu amene kale iwo ankamulemba ganyu, ndipo sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi. Chimenecho ndiye chimandiwawa koposa.