Sanatiyalire ngakhale mphasa

Achimwene a Fabiano, lero kuchipatala ku Nguludi ndawaona mayi aja, mwana wa mfumu yaikulu amene munkafuna kumukwatira. Akalamba, akuyendera ndodo. Tili pamzere kunja, ndege inadutsa, iwo n'kukweza maso kuitsatira mpaka inalowa m'mitambo. Sanandizindikire, inenso moni sindinawapatse. Mtima unangondibwezera ku tsiku lija ankakwatiwa ndi mwamuna wina. Munali mutabwera patchuthi kuchokera kunkhondo ya ku Mozambiki, kumene munkayendetsa helikopita ya asilikali, kunyamula anzanu ovulala. Tinakhala pakhonde kwathu ku Likoswe tikusenda nandolo, ng'oma za ukwati zikumveka kutsidya. Inu munkangotayira nandolo pansi. Munandiuza kuti, "Achemwali, kumwamba kuja kulibe amene amafunsa kuti agogo ako anachokera kuti."

Ndinadziwa chimene munkanena. Amalume atapita kukakufunsirani mbeta, kuchifumu kuja sanawayalire ngakhale mphasa. Akuti ife Alomwe ndife obwera, ana a anthu a thangata, sitingalowe m'banja lachifumu. Munakalamba nokhanokha, mpaka kufa osakwatira. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi cha pamaliro anu. Anthu omwe aja anabwera atavala masuti, n'kukhala pamipando ya kutsogolo, wina n'kuimirira kunena kuti mudzi wataya ngwazi, mwana wa kuno. Ine ndili pansi pafupi ndi bokosi lanu, ndinasiya kulira n'kumangowayang'ana. Muli moyo munali mlendo, achimwene. Wa kuno munakhala atakukhomerani m'bokosi.