Malayini Asanu ndi Awiri M'dzina Langa

Mboni zanga ndi mkazi wanga, yemwe chikwatirane sanandiikirepo kumbuyo, ndi kondakitala wa kombi, minibasi ya ku Mbizo, yemwe amadana nane. Kawafunseni.

Pabanja pathu ponse, wa chitupa ndine ndekha. Enawo anabadwira m'makomboni a migodi, mapepala alibe, ndiye aliyense wofuna layini ya foni ankalembetsa m'dzina langa. Malayini anakwana asanu ndi awiri.

Mliri utafika, boma linayamba kulondola anthu kudzera m'mafoni. Kwathu kunabwera azaumoyo awiri atavala ngati akupita kumwezi, akunditchula kuti mudhara, ndiye kuti mdala.

"Mudhara, dzulo masana munali ku Mtapa, ku Connemara ndi kuno nthawi imodzi. Mumayenda pa chiyani?"

"Pa lichero," ndinatero. Sanaseke. Zoona zake sindikananena, chifukwa kukanakhala kuulula kuti abale anga alibe mapepala.

Ananditsekera m'nyumba masabata awiri. Atatha, layini ina inadutsa pafupi ndi wodwala, ananditsekeranso. Ndikulumbira, ndinakhalitsa mpaka mpando unayamba kundidandaula.

Ndili chitsekeredwe, amalume a ku Connemara, amene anandilera, anadwala. Ankandiimbira pa layini ya m'dzina langa, akupuma movutikira: "Mphwanga, ubwera liti?" Ine ndinkangoti mawa. Anamwalira Lachinayi, n'kuikidwa ndi anthu osakwana kunyamula bokosi.

Ndinapempha kuti ndikangoona manda. Wazaumoyo anayang'ana pa kompyuta yake nati, "Koma mudhara, apa zikuonetsa kuti mwakhala pambali pa malemuwo sabata yonse."

Anandiwonjezera masabata ena awiri.