Nkhululu za a Lennox

Ndikatsegula chitini cha khofi chomwe chatha, fungo lake limandibwezera ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, m'nyumba yathu ya m'mwamba, momwe agogo aamuna ankakhala tsiku lonse pawindo atavala majekete awiri, mapaipi otenthetsa nyumba akulira pakhoma, mabasi akubuma pansi. Amayi anawaitanitsa kuchokera ku Ntcheu chifukwa ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri, moti ankangoona nkhungu. Tsiku la opaleshoni linali kutali, ndipo agogo anatopa kudikira. Anayamba kukankha mbale, nati awagulire tikiti, akafere kwawo komwe phazi limaponda dothi. Amayi ankalira m'bafa, podziwa kuti akakwera ndege chomwecho sadzaonanso.

Khomo loyang'anana ndi lathu linali la a Lennox, bambo wa imvi wochokera ku Barbados, yemwe anapuma pantchito yoyendetsa basi. Ankabwera masana ndi khofi kudzacheza ndi agogo ngakhale sankamvana, ndipo wotanthauzira ndinali ine, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi Chichewa changa chongotolera m'khitchini.

Tsiku lina a Lennox anabwera atasangalala. Anati timu yawo ya madala ikupita kwawo kukasewera cricket m'mabwalo a m'mbali mwa nyanja, bwalo ili lero, linalo mkuja. Mawuwo sindinkawadziwa pa Chichewa, choncho ndinaimbira amayi kuchipatala komwe ankagwira ntchito.

"Mami, cricket ndi chiyani?"

"Nkhululu. Ndili pa shift, tikambirana madzulo."

Ndinabwerera modzikuza. "Agogo, akuti akupita kwawo kukasewera nkhululu. Kuli mabwalo ake."

Agogo anawongoka pampando koyamba sabata imeneyo. "Mabwalo a nkhululu? Mkazi wanga, wamva bwino? Amachita kuziweta?"

Ndinafunsa, a Lennox nayamba kufotokoza manja ali m'mwamba, ine n'kumapereka zomwe ndatola. Bwalolo amalithira madzi, ndinatero. Agogo anagwedeza mutu kuvomera, nati iwonso ali anyamata ankathira madzi muuna kuti nkhululu ituluke. Amazika timitengo titatu. Eya, n'toika chizindikiro pauna. Amavala zoyera zokhazokha.

"Zoyera pokumba? Akazi akumeneko ndi opirira."

Nditanena kuti mvula ikagwa amafunditsa bwalo n'kuthawira m'nyumba kukamwa tiyi, agogo anagwira chibwano. Nanga si mvula ndiyo imabweretsa nkhululu? Nditawonjezera kuti pabwalo lina ukamenya kwambiri imakagwera m'nyanja, anangoti kuyenda n'kuona, mtundu uliwonse uli ndi misala yake. Inenso mutu unali utazungulira, koma sindinafune kuoneka mbuli.

Kenako anapapasa patebulo napeza chitini cha khofi chopanda kanthu. "Uwauze andidzazire. Azikazinge ndi mchere zisaole panjira."

Za mcherezo zinandikanika. Ndinangoti agogo akufuna cricket m'chitinimo. A Lennox anaika dzanja pamtima, misozi ikulengeza, nachilandira ndi manja awiri.

Madzulo ake agogo anamaliza chakudya chonse, nauza amayi kuti tikiti ija iyambe yadikira. A Lennox anali oti akatha masewero akacheza kaye kwa alongo awo, ndipo tsiku la opaleshoni linagwera mkati mwa masabata amenewo.

Choonadi ndinachipeza kusukulu, mnzanga wina atandionetsa chithunzi cha amuna ovala zoyera, wina atagwira chithabwa. Anati cricket yake ndi imeneyo, masewera a mpira. Ndinakaulula kwa amayi, iwo naseka mpaka kukhala pansi m'khitchini, kenako nkhope inasintha.

"Pakamwa pako utseke mpaka atuluke ku theatre. Wamva?"

Masiku amenewo ndinkadana nawo. Agogo ankandiphunzitsa kuthothola mapiko a nkhululu, kufinya matumbo, ndi kusiyanitsa yaikazi yonona ndi yaimuna yoimba, ine ndikungoti eya, manyazi akundidya. Ku Sunday school ankati bodza ndi tchimo, kunyumba bodza lomwelo linkadyetsa agogo. Sindinkadziwa kuti ndipemphere chiyani.

Opaleshoni inatheka, diso lina kenako linzake. A Lennox anagogoda Loweruka masana, atada ndi dzuwa, chitini chili m'manja. Agogo anasamba m'manja kaye, nakhala bwino, natsegula. Munali mpira wofiira wolimba ngati mwala, wosupuka mbali imodzi, dothi louma litamatirira mumsoko. A Lennox anati ndi womwe anasewerera pabwalo la m'mudzi momwe anabadwira.

Agogo anauyang'ana, nayang'ana m'chitini, nayang'ana ine. Ndinayamba kulira ndikufotokoza m'zinenero ziwiri nthawi imodzi, a Lennox akungotembenuka uku ndi uku osadziwa cholakwa chawo.

"Ndiye kuti amuna aimvi akwera ndege kukathamangitsa ichi?"

"Eya, agogo."

"Nkhululu kulibeko?"

"Kaya, agogo."

Anaununkhiza nthawi yaitali, nakanda dothi lija ndi chikhadabo, naliyang'anitsitsa pachala.

"Lofiirira ngati la kwathu," anatero. "Mkazi wanga, pukuta misozi. Ndikanakhala wosaona ndikanauluma, mano awiri otsalawa akanathera pompa."

Anakhala nafe mpaka nyengo yotentha itatha. Loweruka lililonse ankatsagana ndi a Lennox kupaki kukaonera cricket, n'kumaomba m'manja pomwe ena akudandaula, nthawi zina n'kumayenda m'mphepete mwa bwalo akutokosa udzu ndi kamtengo, mwina n'kupeza una.

Agogo anamwalira kwawo patapita zaka, akuwerenga okha Baibulo lawo. Chitini chija chili pashelefu panga ku North York, mpira uli momwemo. Cricket sindiimvetsa mpaka lero, ndipo ana anga akandifunsa kuti pa Chichewa ndi chiyani, ndimayankha kuti nkhululu.